Kalumo ka Mlendo: Za Nkhondo za Dziko la Ethiopia

Dzina la Ethiopia siliri lacilendo m'makutu mwathu. Tonse amene tinakhala m'kalasi la ubatizo tidziwa za mdindo uja wa mfumu yaikazi Kandake, amene Filipo anampeza pa njira ya m'cipululu ali kuwerenga mneneri Yesaya pa galeta wace, cinkana odziwa mbiri atiuza kuti kwao kwa Kandake kunali ku Meroe, m'dziko limene lero ticha Sudan. Ndiponso m'midzi yathu yambiri munali nkhalamba zimene zinaponda mapiri a Ethiopia ndi mapazi ao, pokhala asilikari a Keyala pa nkhondo ya 1941. Koma tikafunsa mnzathu kuti, Nanga cinasunga dzikolo n'ciani m'masiku aja Azungu anagawana Africa monga alenje agawana njobvu? iye adzayankha msanga kuti, Mapiri. Kapena, Mulungu anawasunga cifukwa anali Akristu. Mayankho onse awiri ali ndi coona cace, koma sakwanira. Pakuti mapiri omwewo adani anawakwera katatu, ndipo mlandu wa cipembedzo comweco unagawa dziko kufikira anthu 8,000 anagona pa dambo tsiku limodzi.

Ife powerenga mbiri ya dzikolo tiona mlandu umodzi umene ubwerabwera. Akale anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zinthu zazikulu zimene zinatembenuza Ethiopia, ndizo Mau a Mulungu, mfuti, mizinga ndi mapangano olembedwa, zinadzera ku nyanja m'manja mwa alendo. Ndipo pa mphambano iri yonse funso linali lakuti, kodi mwini mudzi alandira kalumoko nadzimeta yekha, kapena apereka ndi mutu womwe kwa mlendo?

Mphambano yoyamba inali yamtendere. Zaka za pakati pa 330 ndi 350 mfumu Ezana inalamulira ku Aksum, mudzi waukulu wa kumapiri a kumpoto, umene unalemera ndi malonda a minyanga odzera pa dooko la Adulis ku Nyanja Yofiira. M'nyumba ya mfumu munali anyamata awiri a ku Tyre, ndiye Turo wa m'Buku Lopatulika, amene anagwidwa pa gombe pamene anzao a m'ngalawa anaphedwa. Mmodzi wa iwo, Frumentius, atakula ndi kumasulidwa ananka ku Alexandria kukapempha mbusa wa Akristu a ku Aksum. Ndipo Athanasius, mkulu wa mpingo wa kumeneko, anaika manja pa iye mwini, nambweza akakhale bishopu woyamba. Umboni wa kutembenuka kwa Ezana ulipo kufikira lero pa ndalama zace: zoyamba ziri ndi cizindikiro ca mwezi ndi dzuwa, zotsiriza ziri ndi mtanda. Kalumo aka anakalandira bwino, pakuti Malembo anatembenuzidwa m'cinenero cao ca Ge'ez, ndi mpingo unamera mizu m'nthaka yao, ndi nyimbo zace, ng'oma zace ndi masiku ace a kusala kudya. Cingwe cimodzi cokha cinatsala m'dzanja la mlendo: bishopu wamkulu anayenera kucokera ku Egypt nthawi zonse, ndipo mwambowo unakhala zaka ngati 1,600, kufikira m'caka ca 1951, pamene mwana wa dziko, Basilios, anakhala pa mpandowo.

Pamene Cisilamu cinabuka ku Arabia, ciyambi cace ndi Aksum cinali ca ubwenzi. Pakuti ngati m'caka ca 615 ophunzira ena a Muhammad, pothawa cizunzo ca ku Mecca, anaoloka nyanja, ndipo mfumu Yacikristu inawalandira, nikana kuwapereka kwa owalondola. Koma m'zaka zotsatira malonda a Nyanja Yofiira analowa m'manja mwa Aarabu, Adulis anasanduka bwinja, ndipo ufumu, utatsekedwa khomo lace, unasendera kumwera m'kati mwa mapiri. Kumeneko anasema nyumba za Mulungu khumi ndi imodzi za ku Lalibela m'thanthwe lenileni, kuyambira pa denga kutsikira pansi. Kumeneko mu 1270 Yekuno Amlak anayamba mbumba ya mafumu odzicha zidzukulu za Solomo. Kum'mawa, m'zigwa zotentha za pakati pa mapiri ndi nyanja, munakula maufumu a Asilamu, woposa onse ndiwo Adal. Ndipo zaka mazana awiri anansi awa anakhala monga akhalira anansi ambiri, caka cino malonda, caka ca mawa nkhondo, osakhoza wina kumeza mnzace.

Cimene cinasokoneza kulingana kumeneku ndi mfuti. Apwitikizi, omwe aja tiwadziwa ku Tete ndi ku Sena, atazungulira Africa anayamba kulimbana ndi Aturuki cifukwa ca malonda a ku India, ndipo onse awiri anaika maso pa Nyanja Yofiira. Mfumu yaikazi yokalamba, Eleni, imene inasunga ufumu pokhala Lebna Dengel akali mwana, inaona patali, nitumiza mthenga ku Portugal kukafuna cibwenzi. Koma amithenga a Apwitikizi pofika mu 1520 anapeza mnyamatayo atakula, atagonjetsa kale Mahfuz, kazembe wa nkhondo wa Adal, ndipo mtima wace unali m'mwamba. Anawasunga zaka zisanu ndi cimodzi, nawafunsa mafunso ambiri a cipembedzo, nawalola apite osapangana nao kanthu kolimba. Zitapita zaka zitatu, mkamwini wa Mahfuz uja, Ahmad ibn Ibrahim, amene eni dziko amucha Gragn, ndiko kunena Wamanzere, anakomana ndi mfumu pa Shimbra Kure mu 1529, naithyola. Anthu ace anali ocepa poyerekeza ndi a mfumu, koma anali a mtima umodzi, ndipo m'zaka zotsatira anapeza mfuti ndi mizinga zodzera ku dooko la Zeila.

Zaka khumi ndi zinai zimene zinatsata ndizo zowawitsa m'mbiri ya mpingo umenewo. Nyumba za Mulungu zinatenthedwa, ya ku Aksum ndi ya ku Debre Libanos pamodzi. Mabuku a zikopa olembedwa ndi manja anapsa osawerengeka. Cuma ca m'makacisi cinafunkhidwa. Ndipo anthu ambirimbiri, poona lupanga pakhosi, anasiya ubatizo wao. Tisafulumire kuwaweruza, ife amene sitinayesedwa cotero. Lebna Dengel anasakidwa ngati nyama kucokera phiri lina kunka phiri lina, ndipo munthu uja anacedwetsa amithenga zaka zisanu ndi cimodzi anatumiza tsono mau opempha thandizo kwa Apwitikizi omwewo. Anafa mu 1540 asanaone yankho.

Yankho linafika mu 1541. Amuna 400 a mfuti anatsika pa dooko la Massawa, mtsogoleri wao Cristóvão da Gama, mwana wa Vasco da Gama uja anatsegula njira ya ku India. Anakwera mapiri, napambana kawiri, namlasa Gragn m'mwendo. Koma Gragn nayenso anali ndi mlendo wace. Anatumiza kwa kazembe wa Aturuki ku Yemen, nalandira amfuti mazana ambiri ndi mizinga. Ndipo m'mwezi wa Ogasiti 1542, pa Wofla, Apwitikizi anathyoledwa, da Gama anagwidwa nadulidwa mutu. Apa ndipo Gragn anacita cinthu cimene cinamuphetsa. Poyesa kuti nkhondo yatha, anawalipira Aturuki aja, nabweza ambiri a iwo kwao. Apwitikizi otsala anadziphatika kwa mfumu yatsopano, mnyamata Galawdewos, ndipo pa 21 Febuluwale 1543, pa Wayna Daga kufupi ndi nyanja ya Tana, cipolopolo cinampeza Gragn m'kati mwa nkhondo. Khamu lace, popeza linamangidwa pa munthu mmodzi, linamwazika tsiku lomwelo. Koma wopambana ndi wogonja onse anatsala olefuka. Abusa a ng'ombe a mtundu wa Oromo anakwera kucokera kumwera nalowa m'maiko a onse awiri, ndipo mu 1557 Aturuki analanda Massawa.

Tsono mlendo anayamba kuchula mtengo wa kalumo kace. Ku Portugal ndi ku Roma anayesa kuti mwazi wa da Gama wagula mpingo wa Ethiopia, natumiza ansembe a gulu la Ajezuiti kudzaulandira. Galawdewos anawayankha mwaulemu, nalemba cibvomerezo ca cikhulupiriro ca makolo ace, namasulira kuti mdulidwe ndi kusadya nkhumba ndiyo miyambo ya dziko, si kubwerera ku Ciyuda iai. Asilikari Acipwitikizi anawapatsa minda, koma mpingo sanaupereka.

Nkhani imene itsata tifuna kuti aphunzitsi ndi akulu a mpingo aiwerenge mofatsa, pakuti m'menemo muli anthu awiri otumidwa ndi mpingo umodzi, a cikhulupiriro cimodzi, koma nchito zao zinasiyana ngati mvula ya mawawa ndi matalala. Pedro Páez, wa ku Spain, anafika mu 1603. Anaphunzira Ge'ez ndi Ciamhara kufikira anakhoza kutsutsana ndi ansembe a dziko m'cinenero cao. Anaphunzitsa ana, namanga nyumba za miyala, osafulumira. Mfumu Susenyos, imene inatopa ndi akalonga opanduka, inamkonda, niyembekezanso kuti ikagwirizana ndi Roma idzalandira asilikari a ku Ulaya. Mu 1622 inabvomera poyera cipembedzo ca Roma, ndipo caka comweco Páez anamwalira. Asilikari sanabwera. Amene anabwera ndiye Afonso Mendes, mu 1625, munthu wophunzira koma wouma khosi, amene analamulira kuti anthu amene anakhala Akristu zaka pafupi 1,300 abatizidwenso monga akunja, ansembe ao adzozedwenso, makacisi ao apatulidwenso, mdulidwe uleke, ndi masiku a kusala asinthike. Sitilemba izi kuti tinyoze mpingo wina. Nthenda ya Mendes, ya kuyesa kuti Mulungu anafika pa mudzi tsiku limene tinafika ife, igwira mlaliki wa mpingo uli wonse, woyera kapena wakuda.

Anthu wamba a kumidzi, amene makolo ao anapirira moto wa Gragn cifukwa ca mpingo umenewo, anatenga nthungo, ndipo nkhondo ya pacibale inakhala zaka zambiri. Mu 1632 mfumu inapambana alimi opanduka a ku Lasta, ndipo mbiri iti anagwa anthu 8,000. Poyendera mitembo, mwana wace Fasilides ndi akulu ena anailangiza kuti ogonawo sanali adani ocokera kutali, koma anthu ace, Akristu anzace, ena a iwo abale ace. Susenyos anabweza cipembedzo ca makolo, natula ufumu, namwalira caka comweco. Fasilides anapitikitsa Ajezuiti, namanga mudzi wace ku Gondar. Ndipo taonani kutembenuka kwa zinthu, anapangana ndi akazembe Acisilamu a pa Massawa ndi Suakin kuti asalole wansembe wa ku Ulaya kupitirira. Amene anali adani pa Wayna Daga anasanduka alonda a pa khomo.

Khomo lotseka linasunga mpingo, koma silinasunga ufumu. Kuyambira 1769 kufikira 1855 mafumu a ku Gondar anangokhala pa mpando, opanda mau, ndi kalonga ali yense anadya dera lace namenyana ndi mnzace. Eni dziko aicha nyengo ya akalonga, dzina limene likumbutsa masiku a Oweruza m'Israyeli. Amene anathetsa nyengoyo ndiye Kassa, amene analowa ufumu mu 1855 ndi dzina lakuti Tewodros. Asanalowe ufumu anaona anthu ace akugwa ngati mapira pamaso pa mizinga ya asilikari a ku Egypt, ndipo kuyambira tsiku ilo mtima wace unakhala pa mizinga. Amisiri ena Acikristu a ku Ulaya, otumidwa kudzalalikira ndi kuphunzitsa nchito za manja, anawakakamiza kumsulira mizinga pa Gafat. Mu 1862 analembera Mfumu yaikazi Victoria kalata yopempha cibwenzi. Kalatayo inagona ku London yosayankhidwa, ndipo iye, pomva kupeputsidwa, anamanga unyolo kazembe wa Angerezi ndi amishoni ena. Mu 1868 Napier anafika ndi asilikari ngati 13,000 ndi njobvu 44 za ku India zosenza mizinga, nayenda ulendo wautali m'mapiri kufikira linga la Magdala. Cimene tiyenera kuciona ndi ici, kuti m'njira monsemo panalibe kalonga mmodzi amene anamchinga. Pakuti Tewodros, pofuna kumanga dziko likhale limodzi, analimanga ndi nkhanza, ndipo pa tsiku la tsoka anatsala yekha. Nkhondo inamenyedwa pa Lacisanu Loyera, ndipo pa 13 Epulo, polowa Angerezi m'linga, anadziombera yekha. Angerezi anatenga andende ao ndi mabuku ambiri a mpingo, nabwerera.

Pocoka anasiyira mfuti kalonga wa ku Tigray amene anawathandiza, ndipo ndi mfuti zomwezo iye analowa ufumu mu 1872, dzina lace Yohannes. Anathyola nkhondo za Egypt kawiri, pa Gundet mu 1875 ndi pa Gura mu 1876. Mu 1884 anapangana ndi Angerezi kuti iye apulumutse asilikari a Egypt ozingidwa ndi otsata Mahdi m'malire a Sudan, ndi kuti katundu wace apite mwaufulu pa Massawa. Iye anasunga mau ace. Koma caka cotsatira Angerezi analola Ataliana kukhala pa Massawa pomwepo. Kazembe wace Ras Alula anaononga gulu la Ataliana pa Dogali mu 1887, koma Yohannes mwini, wokhala ndi adani ku nyanja ndi kumadzulo komwe, anagwa pa Metemma mu 1889 pomenyana ndi otsata Mahdi, udani umene anaupalamula pothandiza mlendo.

Menelik, mfumu ya ku Shewa kumwera, anali munthu wa mtima wina. Tewodros anali moto wa lupsa, Yohannes anali munthu wa pemphero ndi lupanga. Menelik anali wodekha, wodziwa kulindira, wokonda makina ndi zida zatsopano. Pokhala Yohannes akali moyo, Ataliana anamyesa mphanda yao yong'ambira dziko, namgulitsa mfuti zambiri. Iye analandira, koma nkhondo imene anaiyembekeza sanaithira pa mbuye wace. Pa 2 Meyi 1889 anasindikiza pangano la cibwenzi ndi Italy pa mudzi wa Wuchale. Panganolo linalembedwa m'zinenero ziwiri, ndipo mlandu wonse unagona pa mutu wace wa 17. M'Ciamhara munalembedwa kuti mfumu ikhoza, ikafuna, kutuma Italy polankhula ndi mafumu ena a ku Ulaya. M'Citaliana munalembedwa kuti mfumu ibvomera kulankhula nao mwa Italy. Kusiyana kwace kucepa ngati njere ya mawere, koma ndiko kusiyana kwa bwenzi ndi kapolo. Pa mau amenewo Italy analalikira ku Ulaya konse kuti Ethiopia ali pansi pa citetezo cace. Ndipo Menelik anazindikira msamphawo pamene analembera mafumu a England ndi Germany, ndi mayankho anamuuza kuti makalata ace adzere ku Roma.

Ife a kuno tiyenera kuima pang'ono apa, pakuti m'zaka zomwezo mafumu ambiri a dziko lathu lino anaika cizindikiro cao pa mapepala olembedwa m'cinenero cimene sanacidziwa, ndipo analibe mlembi wa iwo eni woti awerenge mauwo ndi kuwasunga. Lobengula wa Amatebele anatero mu 1888, nazindikira mocedwa. Ethiopia anali ndi zilembo zace ndi alembi ace, zimene mpingo unazisunga zaka mazana ambiri. Cifukwa cace Menelik anakhoza kuika pepala lace pambali pa pepala la mlendo, ndi kulangiza pamene pasiyana.

Sanathamangira nthungo. Anatsutsa mwa makalata; anabweza ngongole yonse imene anakongola ku Italy, kuti pasakhale pogwirira; mu 1893 anafafaniza pangano; ndipo nthawi yonseyo ngamira ndi nyulu zinali kukwera kucokera ku Djibouti, dooko la Afalansa, zitasenza mfuti ndi zipolopolo. Analandira kwa Afalansa, kwa a ku Russia, kwa Ataliana omwe, osalola kuti mlendo mmodzi akhale mwini malumo onse. Ndipo anacita izi dziko liri m'cisautso coopsa. Pakuti nthenda ya ng'ombe, imene inalowera pa Massawa mu 1887 ndi ng'ombe zocokera kunja, inatha makola, ndipo njala inatsata kuyambira 1888 kufikira 1892. Ndiyo nthenda yomwe ija inatsika ndi Africa yense, nioloka Zambezi mu 1896.

M'mwezi wa Seputembala 1895 ng'oma ya nkhondo inalira. Cimene Ataliana sanaciyembekeza ndi ici, kuti akalonga amene anayesa kuwanyengerera mmodzi mmodzi anadza onse kwa Menelik. Anadza Ras Mengesha, mwana wa Yohannes, amene anali ndi cifukwa ca kudana naye pa za ufumu. Anadza Ras Alula wa ku Dogali uja. Ras Mikael wa ku Wollo, wobadwa Msilamu, ndi apakavalo ace. Tekle Haymanot wa ku Gojjam. Ras Makonnen wa ku Harar. Ndi mfumu yaikazi Taytu ndi khamu la iye yekha, yemwe pa linga la Mekele anapangira kuti atsekereze kasupe wa madzi kufikira a m'lingamo anagonja ndi ludzu. Onse pamodzi anafika ngati 100,000, ambiri a iwo ndi mfuti.

Ngakhale cotero kunatsala pang'ono kuti nkhondo isamenyedwe konse. Khamu lalikulu lotere lidya dziko ngati dzombe, ndipo pofika kumapeto a Febuluwale 1896 zakudya zinali kutha m'misasa ya Menelik. Kazembe wa Ataliana, Baratieri, akadakhala m'malinga ace masiku owerengeka okha, khamulo likadabwerera lokha ndi njala. Koma nduna yaikulu ya ku Roma, Crispi, inamtumizira mau a pa lamya omnyoza kuti ali kucedwa, ndi akazembe anzace anamuumiriza. Usiku wa 29 Febuluwale anatulutsa anthu ngati 17,000, Azungu ndi asilikari akuda a ku Eritrea, dera la ku nyanja limene Italy analilanda, nawagawa m'magulu oyenda njira zosiyana pakati pa mapiri a Adwa, ndi mapu olakwa. Kutaca, tsiku la Mulungu pa 1 Marichi, gulu limodzi linapezeka litapitirira patali lokha, ndipo eni dziko anagwera magulu amenewo limodzi limodzi, asanathe kuthandizana. Pofika madzulo akufa a mbali ya Italy anali ngati 6,000, ndi ena ambiri anagwidwa. A Menelik omwe anagwa zikwi zambiri. Andende Acizungu anasungidwa nabwezedwa kwao. Koma asilikari akuda a ku Eritrea mazana ambiri, poyesedwa opereka dziko, anadulidwa dzanja lamanja ndi phazi lamanzere. Ici ndi banga pa tsiku lalikulu limenelo, ndipo sitilibisa.

M'mwezi wa Okutobala caka comweco Italy anasindikiza pangano latsopano ku Addis Ababa, nabvomera kuti Ethiopia ndi dziko lodziimira lokha. Mwezi womwewo, kuno kwathu, Gomani mfumu ya Angoni anaphedwa ndi asilikari a Boma, ndipo mu 1898 nkhondo ya Mpezeni inathyoledwa. Angoni sanacepa mtima poyerekeza ndi amuna a pa Adwa. Anacepa mfuti, ndipo mtundu uli wonse kuno unakomana ndi Mzungu pa wokha, anansi ace ali kuonerera, ena ali kuthandiza mlendo cifukwa ca zilonda zakale.

Zinthu ziwiri zinatsala pambuyo pa Adwa zimene zinadzabala mabvuto. Coyamba, Menelik sanalondola Ataliana kufikira ku nyanja, pakuti anthu ace anali ndi njala, ndipo Eritrea ndi madooko ace anatsala m'manja mwao. Caciwiri ncolemera koposa. Mfuti zimene zinapitikitsa Mzungu zinalozanso kwa anthu akuda a kumwera ndi kum'mawa: Harar anagwa mu 1887, Wolayta mu 1894, Kaffa mu 1897, minda ya ogonja inagawidwa kwa asilikari, eni ace nasanduka olimira ena, ndipo ambiri anatengedwa ukapolo. Kwa mitundu imeneyo Menelik ndiye anali mlendo wa kalumo.

Zitapita zaka makumi anai Italy anabwera kudzalipsira, pansi pa Mussolini, pa 3 Okutobala 1935. Mfumu Haile Selassie, mwana wa Ras Makonnen, inakhulupirira msonkhano wa maiko wa ku Geneva, wochedwa League of Nations, umene Ethiopia analowamo mu 1923, ndi pangano lace lakuti dziko limodzi likathiridwa nkhondo ena onse adzalichinjiriza. Koma England ndi France analetsa kugulitsa zida kwa onse awiri, ndiko kumanga manja a wopanda zida, pakuti Italy anapanga zace yekha. Mafuta a ndege sanaletsedwa, ndi ngalande ya Suez sinatsekedwa. Ndege zinagwetsa madzi a ululu otentha khungu ndi mapapu pa asilikari, pa midzi ndi pa ziweto. Umodzi wa pa Adwa sunaonekanso wamphumphu. Kalonga wina wa ku Tigray anapita kwa adani pa ciyambi pomwe, ndipo itatha nkhondo ya pa Maychew, m'Marichi 1936, anthu ena a m'dziko lomwelo, okhala ndi mangawa akale, anagwera khamu la mfumu pothawa. Addis Ababa anagwa pa 5 Meyi, ndipo m'Juni mfumu inaima ku Geneva nidandaula pamaso pa maiko, koma sanaithandiza. Bishopu Petros anaomberedwa cifukwa anakana kugwadira olanda dziko. Mu Febuluwale 1937 anthu zikwi anaphedwa m'mudzi waukulu masiku atatu, ndi m'Meyi amonke a ku Debre Libanos, kumene Gragn anatentha kale, anaphedwa mazana. Koma m'mapiri nkhondo ya eni dziko sinazima zaka zisanu zonsezo.

Cipulumutso cinadzanso ndi mlendo. Italy atalowa nkhondo yaikulu mu 1940, makamu a Angerezi analowa kucokera ku Sudan ndi ku Kenya, m'menemo Amwenye, a ku South Africa, a ku Nigeria ndi Gold Coast, ndi ana a dziko lathu lino. Ndipo mfumu inalowanso m'mudzi wace pa 5 Meyi 1941, tsiku lomwelo unagwa zaka zisanu zapitazo. Linga lotsiriza, Gondar wa Fasilides uja, linagonja m'Novembala. Pomwepo akulu ena Acingerezi anafuna kusunga dzikolo monga dera lolandidwa kwa mdani, nagwira ndalama, njanji ndi dera la Ogaden. Koma Haile Selassie anacita monga Menelik, nalimbana nao mwa mapangano a 1942 ndi 1944, nafuna bwenzi lina ku America kuti woyamba asakule yekha.

Khomo la ku nyanja analipeza mu 1952, pamene Eritrea analumikizidwa ndi Ethiopia ali ndi bwalo lace la malamulo. Mu 1962 mfumu inafafaniza bwalolo, nimeza dera lonse, ndipo nkhondo ya zaka makumi atatu, imene inayamba mu 1961, inapitirira kuyaka. Mfumu yomwe inacotsedwa pa mpando mu 1974 ndi asilikari ace a iyo yokha, ndi mbumba ya Yekuno Amlak inathera pomwepo. Eritrea anapatuka mu 1993, natenga Massawa ndi gombe lonse. Kuyambira nkhondo ina ya maiko awiriwo mu 1998, katundu wambiri wa Ethiopia adzera ku Djibouti, njira yomwe ija inakwera mfuti za Menelik. Ndipo njanji yatsopano ya pa njirayo, imene inatsegulidwa mu 2016, anaimanga ndi anthu a ku China, ndi ndalama zambiri za ngongole yocokera kwao.